Mkamwini Wopanda Kwawo

Mpaka lero sindidutsa pa siteji ya njinga zamoto ya pafupi ndi mlatho. Ndikafuna kupita kumsika ndimazungulira njira ya mchenga ija, ngakhale mawondo akundiwawa. Chifukwa ndikangotulukira pamenepo, anyamata aja amaimirira onse, kuvula zipewa zawo zolimba zija, n'kuyamba kukuwa: “Afika apongozi a Laiti! Apatseni mpando!” Ine mayi wopemphera swala zanga, imvi mutu wonse. (Hawa, lemba momwe ndikuneneramu. Usakonze. Zokonza unakonza kale zokwanira.)

Hawa amene akundilemberayu ndi mdzukulu wanga. Ine pensulo sindinaigwirepo, koma iye ndinamulera ndekha kuyambira ali wa kumsana, mayi ake atatisiya, ndipo anaphunzira mpaka kutopetsa sukulu. Pano ndi mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina konkuno ku boma. Ndiye kunapezeka mnyamata womufuna, Che Yusufu, wogulitsa nsalu ku Chiponde, waulemu, wodziwa njira ya kumzikiti. Ine nditamva, funso langa linali limodzi, lomwe mayi aliyense wa nzeru zake amayamba nalo: kwawo n'kuti? Nkhope sindifunsa, thumba sindifunsa. Munthu wa kwawo akakulakwira umadziwa khomo lokagogoda. Anandiuza mudzi, kufupi ndi Namwera, anandiuza ndi mbumba yomwe. Mtima unakhala pansi. Amalume a mnyamatayo, Che Bwanali, anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzakhala pamkeka ndi amalume a Hawa, kuti za ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, ziyambike. Che Bwanali ndinawaonapo pamaliro ena: aatali, ndevu zoyera, munthu woti akaseka ndiye kuti kwachitika chachikulu.

Mkati mwa sabata yomweyo, masana, ndinali kuseri kwa nyumba kupeta mpunga wa alendowo. Ndinakhala pansi pa windo la Hawa chifukwa ndi pomwe pali mthunzi. (Sindinkamvetsera. Windo ndi limene linali lotsegula.) Mwana anali atangoweruka, akulankhula pa foni ndi mphunzitsi mnzake. Poyambira sindinamve, ndinapeza nkhani ili pakati.

“Ayi, Laiti alibe kwawo,” anatero. “Ndikukuuza. Palibe pomwe anganene kuti pano ndakhala. Chibadwire sanaimepo.”

Lichero linaima lokha m'manja mwanga.

“Ndipo salemera n'komwe. Akanalemerako pang'ono pokha bwenzi tikumupeza. Koma umuthamangire bwanji, amakusiya chimodzimodzi.” Anaseka, kuseka kwake kuja kwa munthu wokondwa. “Iwe, wandisowetsa tulo sabata yonse. Ndikagona Laiti, ndikadzuka Laiti. Koma ndamukonda, wamva? Lachisanu ndikamuimika pamaso pa onse, aliyense anene zonena zake.”

Subuhanallah! Mpunga unakhuthukira pansi, nkhuku zinachita ukwati. Mwana amene ndinamulera ndi usipa wa m'manja mwanga, alendo akubwera Loweruka, iye akufuna Lachisanu akaimike pagulu mwamuna wopanda kwawo, wosalemera, wosakhazikika, ndiponso womuthawa! Chifukwa mwamva nokha, wothamangira mnzake anali Hawa.

Mufunsa kuti bwanji sindinalowe m'nyumba n'kumufunsa mwini wake. Funso labwino. Hawa nayenso wandifunsa kambirimbiri. Koma atsikana a sukulu ukawafunsa za amuna amakuyang'ana ngati bolodi, n'kukuyankha zoti ukatuluka sudziwa ngati wavomera ndiwe kapena iye. Ndinati ayi, nkhani iyi ndikaithere komwe yachokera.

Ndinatenga ambulera yanga, ulendo kwa Abiti Saidi, mnzanga wogulitsa mandasi pamsika. Ameneyo m'tauni muno palibe munthu wolowa kapena kutuluka iye osadziwa.

“Abiti Saidi, kodi kuno kuli mwamuna dzina lake Laiti?”

Sanaganize n'komwe. “Laitoni? Wa njinga yamoto yofiira pa siteji ya pamlatho? Anzake amangoti Laiti. Bwanji?”

“Amakhala kuti?”

“Ameneyo amakhala? M'mawa ali ku Chiponde, masana ku Malindi, ukamufuna ali ku Makawa. Matako ake sadziwa mpando.”

“N'ngolemera?”

Abiti Saidi anaseka mpaka kugwira beseni. “Kulemera? Njingayo ndi ya eni!”

Zonse zinalumikizana ngati mikanda pa ulusi. Sindinamutsanzike n'komwe.

Pa siteji ndinapeza anyamata atatsamira njinga zawo. Ndinafunsa Laiti, iwo n'kuloza ku mlatho: kadontho kofiira kakuwoloka Shire, kumbuyo kutakhala munthu wa mkanjo woyera ndi katundu pamwendo. “Wangonyamuka, anganga, wa ku Namwera. Mudikire, mwina mawa.”

Mawa! Mawa lake likundiyandikitsa ku Lachisanu. Ndinagwira mkono wa amene anali pafupi, mnyamata wonenepa dzina lake Idrisa. “Umupeze uyo.”

Muyenera kudziwa kuti ine njinga yamoto ndinali ndisanakwerepo. Ya kapalasa inde, chammbali, mwaulemu, miyendo pamodzi. Idrisa anakana. “Anganga, apa mukhale chachimuna, mwendo uku mwendo uku. Mukakhala chammbali ndikakutulani mu Shire.” Ndinayang'ana kumwamba, ndinapempha chikhululuko, n'kukweza nsalu. Siteji yonse inaomba m'manja. (Apa usalembe zambiri, Hawa. Anthu akudziwa momwe nsalu imachitira.)

Tinawoloka mlatho ndisanamalize bisimillah. Mphepo inandilanda mpango n'kuubweza kumaso. Dzanja limodzi ndinakumbatira mimba ya mwana wa eni, lina ambulera. Idrisa akukuwa kuti, “Wakuberani chiyani?” ine ndikuti, “Mdzukulu!” Atamva zimenezo anapotoza chogwirira chija, njinga inalira ngati mbuzi ya pa Idi.

Tsono mverani chimene ndinaona, chifukwa chibweranso kutsogoloku. Poyamba Laiti anali kutali, akutithawa. Kenako anayamba kutithawa pang'onopang'ono. Kenako, tisanayambe kukwera mapiri a ku Namwera, pamalo oongoka paja, tinafika pambali pake penipeni. Ndiye anaima. Eetu, anaima! Njinga yake ikulira, matayala akuzungulira, koma mwini wake ali phee pambali panga ngati takhala khonde limodzi. Zimene zinkathamanga ndi milambe, mbuzi, amayi a nkhuni pamutu, zonse zikuthawira kumbuyo. Ndinamuona bwinobwino mpaka chigamba cha pa jekete. Ndinatambasula ambulera n'kumugogoda paphewa ngati ndikugogoda chitseko.

“Iwe wopanda kwanu iwe! Umusiye mdzukulu wanga!”

Anatembenuka, njinga inavina. “Amayi, mutipha!”

“Umusiye Hawa! Mphunzitsi uja! Sabata yonse sakugona chifukwa cha iwe! Akagona iwe, akadzuka iwe! Wamudyetsa chiyani? Loweruka kukubwera anthu a ulemu wawo, iwe ukufuna Lachisanu akakuimike pagulu?”

Sindinalekere pomwepo, ayi. Ndinatembenukira kwa wokwera uja, amene nkhope yake inali m'chipewa cholimba chotseka mpaka kukamwa. “Inunso bambo, tsikani pa njinga ya munthu ameneyu! Simukumudziwa! Amasokoneza ana a eni otomeredwa kale!”

Bambo aja anagwira Laiti paphewa. Njinga zonse ziwiri zinaima pansi pa mtengo wa mango, pomwe amayi ena ankagulitsa tomato. Potsika ndinatsamiritsa katumba pa chitsulo chotulutsa utsi chija. Chinandiwotcha, koma sindinachimve nthawi imeneyo, chifukwa bambo aja anali akuvula chipewa. Anachivula pang'onopang'ono. Zinayamba kutuluka ndi ndevu. Zoyera.

“Asalamu alaikumu, anganga ake a Hawa,” anatero Che Bwanali.

Katundu amene anali pamwendo pawo ndinamuona tsopano: shuga, majani a tiyi, nsalu yatsopano. Zobwera nazo kwathu Loweruka. Ndinayankha salamu ndi mawu a mwana wa mphaka.

Laiti anali akusisita phewa. “Amayi, ine ndine Laitoni. Kwathu n'ku Ntcheu, mudzi ulipo, manda a agogo alipo. Mkazi ndili naye, ana ndili nawo. Hawa amene mukunenayo sindimudziwa ngakhale nsapato yake. Zoti sindilemera ndiye mwanena zoona, koma sindimadziwa kuti masiku ano zikumenyetsa.”

Amayi a tomato anali atasiya malonda. Idrisa, m'malo mondithandiza, anali atakhala pansi akupukuta misozi ya kuseka.

Che Bwanali sanaseke. Anabweza chipewa kumutu, n'kunena mofatsa, kufatsa koopsa kuja: “Mawu amenewa sanachokere kwa mdani. Achokera kwa amene anamulera. Za Loweruka tibaimitsa kaye mpaka timve bwino.”

Ulendo wobwerera sindiukumbuka. Ndimangokumbuka kuti pamlatho ndinayang'ana madzi n'kuganiza kuti Idrisa uja akanangonditula momwe ananenera muja.

Nkhani inandipitirira pa njira. Ndinapeza Hawa ataima pakhomo, foni m'manja, maso ofiira. Che Yusufu anali atamuimbira, kumufunsa funso limodzi lokha, “Laiti ndi ndani?” n'kudula asanayankhe. Akawaimbira, osayankha.

“Anganga, mwachita chiyani?”

“Ndimakuteteza.”

“Kwa ndani?”

“Kwa wopanda kwawo uja. Ndinamva ndekha, pawindo.”

Hawa anakhala pansi, pa dothi penipeni, ndi diresi ya kuntchito. “Anganga,” anatero, “Laiti ndi kuwala. Kuwala kwa dzuwa, kwa nyali. Pachizungu.”

“Usandipusitse. Kuwala n'kumene kwakusowetsa tulo?”

“Mwana wina m'kalabu ya sayansi anandifunsa kuti, Madamu, nditakwera pa kuwala ngati pa kabaza, dziko ndingalione bwanji? Ndinalonjeza kuwayankha Lachisanu. Kuti amve, ndinati tiyerekeze kuti kuwala ndi munthu, dzina lake Laiti. Ndi zimene ndimamuuza mnzanga. Inu munafika nditadutsa kale pa tiyerekeze.”

Liwu limodzi. Tiyerekeze. Ndikanafika pawindo mpunga usanandichedwetse, bwenzi katumba kanga kali kosalala mpaka lero.

Koma kuti ine ndamva sizinathandize kanthu. Amene ankafunika kumva ndi Che Bwanali, ndipo tangoganizani kuwatumizira uthenga wakuti mwamuna uja sanali mwamuna, kunali kuwala kwa dzuwa. Amalume a Hawa anachita kuwachonderera. M'mawa mwake Che Bwanali anabwera, ndipo anabwera pa njinga ya Laitoni yemweyo, akuti nayenso dzina lake laipitsidwa, amve nawo. Tinayala mkeka pakhonde. Ine ndinakhala kumapeto, mwendo womanga nsanza, maso pansi.

Hawa anagwada, anapereka moni, n'kuyamba. Ndinkayembekeza kuti alira. M'malo mwake anatembenukira kwa ine ndi mawu ake a m'kalasi.

“Anganga, dzulo muli pakhonde pano, a Laitoni akanadutsa pamsewu, mukanati ndani akuyenda?”

“Iwo.”

“Nanga mutawapeza kuja, muli pambali pawo, munawaona bwanji?”

Ndinafuna kulowa pansi pa mkeka. “Ataima.”

“Zimayenda ndi chiyani?”

“Milambe.”

“Mwaona, bambo,” anatero kwa Che Bwanali. “Paliponse pomwe munthu wakhala, pakhonde, pa njinga, m'bwato loyenda mosagwedeza, angathe kunena kuti ine ndaima, enawo ndiwo akuyenda. Pamenepo ndiye kwawo koonera zinthu. A Laitoni ali nako. N'chifukwa chake anganga anatha kulowa kwawoko n'kuwagogoda ndi ambulera.”

“Anandipeza chifukwa ndinanyamula bwana olemera,” anatero Laitoni. Che Bwanali anamuyang'ana. “Ndikunena thupi, bwana.”

Hawa anayatsa tochi ya pa foni n'kuloza kukhoma. “Koma ichi n'china. Anthu a sayansi anayeza n'kuyezanso. Woima akayeza liwiro la kuwala, wothamanga akayeza, amapeza limodzimodzi. Mukuthamangire ndi njinga, kukusiyani ndi liwiro lomwelo. Mukwere ndege, chimodzimodzi, ngati simunanyamuke n'komwe. Sikuyamba kukuthawani pang'onopang'ono ngati momwe anachitira a Laitoni.”

“Bodza,” ndinatero ndisanadzigwire. “Chinthu ukachithamangira chimayandikira.”

“Chilichonse cholemera, inde. Kuwala kulibe kulemera, ndipo sikungayende mwina koma pa liwiro lake lomwelo. Cholemera sichingafikepo, chingayesetse bwanji.”

Ine ndakhala padziko pano mpaka mano kutha, kuwala kukundilowera pakhomo m'mawa uliwonse, osadziwa kuti ndikukhala ndi chinthu cha khalidwe lotere.

Che Bwanali anasisita ndevu. “Chabwino. Ife sitingakupeze. Nanga iko kwini, kukamayenda, dziko kumaliona bwanji?”

“Funso la mwana uja ndi lomwelo, bambo, ndipo ndi limene linandisowetsa tulo. Kuti tiyankhe, pafunika mpando woti munthu akhalepo n'kuona kuwala kuli phee pambali pake, ngati anganga ndi a Laitoni. Koma tanena kuti aliyense, pa mpando uliwonse, amakuona kukuthamanga ndi liwiro limodzi. Ndiye mpando umenewo ukanakhalapo, kuwala kukanakhala koima ndi kothamanga nthawi imodzi kwa munthu mmodzi. Sizingatheke. Mpandowo kulibe. Ena amakonda kunena kuti kwa kuwala nthawi siyenda. Koma kuti unene kuti kwa uje, ujeyo ayambe wakhala ndi kwawo. Kuwala kulibe kwawo. Ndi zimene anganga anamva.”

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Laitoni anali atatsegula pakamwa, akuyang'ana kadontho koyera kaja pakhoma ngati kamulanda makasitomala.

Kenako Che Bwanali anati: “Ine milandu ya zibwenzi ndaimva yambiri. Wina amati ndi msuweni wanga. Wina amati amangondifunsa njira. Bodza la chibwenzi limakhala lalifupi, kuti mwini wake asaliiwale. Mtsikana wobisa mwamuna sangadzivutitse kupeka chinthu chotopetsa mutu chonchi.” Anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kuimba. “Yusufu? Yankha foni ya mwana wa eni. Mnzako amene umamuopayo ngakhale iwe sungamupeze.”

Ndiye anaseka. Che Bwanali anaseka, mpaka ndevu kugwedera, mpaka kutsokomola. Podzuka anati, “Loweruka tikubwera. Koma anganga tidzawapeze atakhala pansi, ambulera ili m'nyumba.”

Anabweradi, ndipo ndowa inachitika bwino. Laitoni ndi amene ananyamula mpunga ndi mbuzi, ndipo pa chakudya anakhala kutsogolo, akuuza aliyense kuti iye ndi mkamwini woyamba wa pakhomo pano. Mkazi wake ndinakamupepesa ndi nkhuku. Anailandira, koma anandiuza kuti tsiku lina ndikadzafunanso kumumenya mwamuna wakeyo ndidzayambe ndamuuza, adzandithandize.

Chipsera cha pa katumba chilipo, chozungulira ngati chitsekero cha botolo. M'mawa dzuwa likalowa pa mng'alu wa chitseko n'kugwera pa mkeka wanga wa swala, ndimaliyang'ana ndi diso lina. Chinthu cholowa m'nyumba za anthu tsiku ndi tsiku, chosakhala pansi, chopanda khomo lokagogoda chikakulakwira. Hawa akuti ndisade nkhawa, ndi mmene Mulungu anachilengera. Ine ndikuti chabwino, koma mwana wanga sindingachipatse.

Hawa akufuna ndimalize ndi kunena kuti ndinasiya kumvetsera pa mawindo. Lemba kuti ndamva. Koma zoona zake n'zakuti mthunzi wa kuseri kuja ndi wabwino, ndipo mpunga umafuna kupeta. Chimene ndinasintha n'chimodzi: masiku ano foni ikangolira ndimafika msanga, kuti tiyerekeze asandipitenso.